Mwana akabwereza kalasi, adzamuphunzitsa ndani?

Makalata amene tawasankha mwezi uno achokera m'maboma a Salima ndi Nkhotakota, ndipo onse akukamba za ana a m'makalasi oyambirira amene chaka chikuwathera asanadziwe kuwerenga. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo mayina a eni ake ndi a sukulu tawachotsa.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 ndipo ali mu Sitandade 2 kachiwiri. Aphunzitsi ake andiuza kuti abwerezanso chifukwa sakutha kuwerenga. Kunyumba amaimba nyimbo zonse za kusukulu ndipo amanena pamtima nkhani za m'buku, koma ndikamulozera mawu amodzi amangondiyang'ana. Anzake amene anayamba nawo akupita mu Sitandade 4, ndipo iye wayamba kukana kupita kusukulu. Kodi ndivomere kuti abwerezenso, kapena ndikachonderere kuti amukankhire patsogolo?
Mayi wa kwa Khombedza, Salima

YANKHO: Mayi, mwatchula njira ziwiri, kubwereza ndi kukankhidwa, koma zonsezo sizikukhudza pamene pagona vuto la mwana wanu. Kubwereza pakokha sikuphunzitsa mwana kuwerenga. Ngati abwerera m'chipinda chomwecho, n'kukakhala kumbuyo komwe wakhala zaka ziwirizi, akumva phunziro lomwelo loperekedwa mwa njira yomweyo, palibe chifukwa choyembekezera kuti chaka chachitatu chidzabala zimene ziwiri zoyambazo zalephera. Kutero kuli ngati kuponyanso m'nyanja ukonde wong'ambika usanausoke. Kumukankha popanda thandizo nakonso kuli ndi vuto lake, pakuti nkhani za m'mabuku a Sitandade 3 ndi 4 ndi zazitali, ndipo pofika mu Sitandade 5 mabuku a maphunziro ambiri amakhala a m'Chingerezi, kotero mwana amene sanagwire Chichewa amangosanduka mlendo m'kalasi. Choncho mukapita kwa aphunzitsi aakulu, mukafunse kuti chaka chikubwerachi mwanayo adzamuphunzitsa ndani, ndipo n'chiyani chimene chidzachitike mosiyana ndi kale.

Musanapite, yambani mwadziwa nokha pamene mwanayo waima. Khalani naye pamkeka nthawi imene sanatope, mutsegule buku la Chichewa la Sitandade 1, muphimbe chithunzi ndi chikhatho chanu, kenaka mumulozere malembo modumphadumpha, osati motsatira mzere. Mwana woloweza pamtima amayamba kuyang'ana pakamwa panu kapena kuyesa kusuntha dzanja lanu kuti aone chithunzicho. Ngati akutha kutchula maliwu a malembo, mulembereni pansi ndi kamtengo maphatikizo monga na, ki, mu, te, kenaka mawu aafupi monga ana, moto, mutu ndi meta. Ngati awa akuwatha, muyeseni ndi mawu a maphatikizo ovutirapo monga nkhuku, mphaka, ng'ombe ndi ntchentche. Pamene wakakamira ndi pomwe payenera kuyambira thandizo, ndipo zimenezi n'zimene mukawafotokozere aphunzitsi. Kunena kuti "sawerenga" sikuthandiza munthu aliyense, koma kunena kuti "malembo akuwadziwa, chikumukanika ndi kuwaphatikiza" kumapatsa mphunzitsi poyambira.

Musaganize kuti mwana wanu ndi wobadwa wopanda nzeru. Mwana wotha kusunga nkhani yonse m'mutu nzeru ali nazo, chimene sanalandire ndi munthu womuonetsa, iye payekha, kuti lembo lililonse lili ndi liwu lake ndipo maliwuwo amalumikizana. Vutoli ndi la dziko lonse. Kafukufuku wa kawerengedwe ka ana wotchedwa EGRA, amene anachitika mu 2010, anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a m'nkhani ya Chichewa, ndipo m'zaka zaposachedwapa ziwerengero za Unduna wa Zamaphunziro zakhala zikuonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 4 kapena 5 a kupulayimale amabwereza kalasi chaka chilichonse. Pofuna kuthana ndi zimenezi boma, mothandizidwa ndi bungwe la boma la America la USAID, linayambitsa mu 2016 ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse, imene aphunzitsi amaitchula kuti NRP, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. M'ndondomekoyi malembo sayamba ndi a, b, c monga tinkaphunzirira kale, koma amayamba ndi amene amapezeka kawirikawiri m'Chichewa, a, n, i, k, u, m, e, t, o, kuti mwana ayambe msanga kupanga mawu enieni.

Mphunzitsi wodziwa ntchitoyi amazindikirika mosavuta, ngakhale kwa kholo limene silinapite patali ndi sukulu. Amayamba kuchita yekha ana akuonerera, kenaka amachita limodzi ndi ana, pomaliza amawasiya achite okha iye akumvetsera, ndipo gawo lomalizali ndi limene limasiyanitsa aphunzitsi. M'kalasi momwe ana amangoyankha onse pamodzi mokweza kuyambira m'mawa mpaka poweruka, mwana wosadziwa amabisala m'phokoso la anzake chaka chonse osadziwika. Mphunzitsi wabwino amaloza mwana mmodzi, mabuku amakhala m'manja mwa ana osati m'kabati ya mu ofesi, ndipo mukamufunsa za mwana wanu amatha kukuuzani malembo amene akumuvuta. Ngati yankho lake ndi lakuti "ndi wosamva" kapena "mutu wake ndi wouma" basi, dziwani kuti mwanayo sanamumvepo akuwerenga payekha.

Pitaninso naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu, chifukwa mwana wa mafinya m'khutu sasiyanitsa bwino maliwu ofanana, ndipo wosaona patali sangakopere zapabolodi. M'madera a m'mbali mwa nyanja malungo ndi likodzo zimajombetsa ana masiku ambiri, ndipo mwana wojomba masiku awiri pa sabata amaphonya malembo amene anzake amangirapo maphunziro otsatira. Ngati zonsezi zili bwino koma mwanayo akusokonezabe malembo ataphunzitsidwa payekha kwa miyezi ingapo, pemphani a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni yanu, kuti amuonetse kwa mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Maganizo anga ndi akuti mtsikana wa zaka 9 amene wayamba kale kukana sukulu asakhale m'kalasi imodzi zaka zitatu, chifukwa manyazi okhala pakati pa ana aang'ono ndiwo amachotsa atsikana ambiri pasukulu asanafike n'komwe mu Sitandade 5. Kapempheni kuti apite mu Sitandade 3, koma mugwirizane ndi sukulu kuti akhale kutsogolo ndiponso azilandira phunziro lapadera la maphatikizo masiku angapo pa sabata. Kubwereza mungakuvomere pokhapokha ngati aphunzitsi aakulu akutsimikizirani kuti akakhala m'manja mwa mphunzitsi wina amene mbiri yake pa kuwerengetsa ana ikudziwika.

FUNSO: Ndine membala wa komiti ya sukulu. Pasukulu pathu pali aphunzitsi 9. Anayi mwa iwo amasinthana mu Sitandade 7 ndi 8 momwe muli ana ochepa, pamene Sitandade 1, ya ana oposa 150, ili ndi mphunzitsi mmodzi amenenso amadwaladwala. Tikafunsa amatiuza kuti aphunzitsi amphamvu ayenera kukhala m'kalasi ya mayeso. Kodi ife a komiti tili ndi mphamvu yonenapo kanthu?
Bambo wa kwa Mwansambo, Nkhotakota

YANKHO: Bambo, zimene mwaonazi ndi zimene zikubala ana obwereza m'sukulu zambiri, ndipo muli ndi ufulu wonse wozikamba. Chifukwa chake n'chodziwika. Sukulu imatchuka kapena kunyozeka ndi zotsatira za mayeso a MANEB a Sitandade 8, ndiponso ndi chiwerengero cha ana amene asankhidwa kupita kusekondale, pamene palibe amene amabwera kudzafunsa kuti ndi ana angati a Sitandade 2 amene akutha kuwerenga. Mphunzitsi wamkulu, poteteza dzina la sukulu, amaunjika aphunzitsi odalirika m'makalasi a kumtunda, ndipo makalasi a infanti (Sitandade 1 ndi 2) amasiyira wodwala, wotopa, wongobwera kumene, kapena wophunzira wa ku koleji amene wabwera kudzayeserera ntchito. Pena kutumizidwa ku infanti kumaonedwa ngati chilango. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ochepa a mu Sitandade 8 amene akusamalidwa chonchiwo ndi otsala mwa gulu lalikulu limene linayamba Sitandade 1 zaka 8 kapena 10 zapitazo, ndipo ambiri mwa amene anagwa m'njira anagwa chifukwa chosadziwa kuwerenga.

Kuphunzitsa mwana wa zaka 6 kugwira pensulo, kumva maliwu ndi kuwalumikiza ndi ntchito yofuna luso kuposa kubwereza mafunso a mayeso akale ndi ana amene amawerenga kale. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya kuwerenga mawuwa ayenera kuoneka pa ndandanda ya kagawidwe ka makalasi.

Komiti siingasamutse mphunzitsi kapena kumugawira kalasi, pakuti imeneyo ndi ntchito ya mphunzitsi wamkulu, moyang'aniridwa ndi a PEA ndi ofesi ya maphunziro ya paboma. Koma komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi zimatenga nawo mbali polemba ndondomeko ya chitukuko cha sukulu, imene imatsogolera kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zimene boma limatumiza mwachindunji kusukulu iliyonse, ndipo pamenepo ndi pamene mawu anu ali ndi mphamvu. Pemphani kuti pamsonkhano pawerengedwe poyera chiwerengero cha ana, cha obwereza ndi cha aphunzitsi kalasi ndi kalasi, ndipo zilembedwe m'buku la zokambirana. Mlingo umene boma linadziikira ndi wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Anthu akaona ndi maso kuti kalasi ina ili ndi ana oposa 150 pa mphunzitsi mmodzi pamene ina ili ndi aphunzitsi awiri pa ana 40, mtsutso umachepa. Kenaka perekani pempho lomveka, lakuti mphunzitsi mmodzi kapena awiri a kumtunda atsike kuti Sitandade 1 igawidwe pawiri, ngakhale gulu lina litaphunzirira pansi pa mtengo m'nyengo yopanda mvula. Ngati pempholo likanidwa popanda chifukwa, lembani kalata kwa a PEA ku TDC, kumene kuli ofesi yawo ya m'zoni, yosainidwa ndi wapampando wa komiti, wa bungwe la makolo ndi aphunzitsi, wa gulu la amayi la pasukulu komanso amfumu. Chitani zimenezi m'teremu yachitatu, makalasi a chaka chatsopano asanagawidwe mu Seputembala, osati chaka chitayamba kale.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: musapite ngati okaimba mlandu mphunzitsi wodwalayo. Iye sanadzigawire kalasi, ndipo ngakhale munthu wathanzi sangamvetsere ana 150 mmodzimmodzi.

Palinso mbali imene sukulu payokha siingaithetse. Chiyambire 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale ndipo ana anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, dziko lino lakhala likuthamangira kupeza aphunzitsi okwanira, ndipo amene alipo sanagawidwe mofanana. M'boma limodzi lomwelo, sukulu za paboma ndi za m'mbali mwa msewu wa M5 zimakhala ndi aphunzitsi ochuluka kusiyana ndi za kumapiri ndi za kutsidya kwa mitsinje kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja. Alawansi ya aphunzitsi a kumidzi inaikidwa kuti ikope anthu kupita kumalo otere, koma mphunzitsi amayang'ananso nyumba, madzi, chipatala ndi msika. Ambiri amene amatumizidwa kutali amapempha kusamuka chaka chisanathe. Apa mudzi uli ndi chochita, chifukwa nyumba yabwino ya mphunzitsi ndi mjigo wapafupi zimasunga mphunzitsi kuposa kalata iliyonse yodandaula, ndipo ofesi ya maphunziro imatumiza munthu mosavuta kusukulu imene yanena kuti nyumba ilipo. Achinyamata ambiri amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE m'makoleji monga a Kasungu ndi Lilongwe amakhala nthawi yaitali akudikira kulembedwa ntchito, ndipo ena amatengedwa ngati aphunzitsi othandizira. Funsani kwa a PEA ngati sukulu yanu ingalandireko mmodzi. Koma wachinyamata wongodzipereka wa m'mudzi, amene ali ndi satifiketi ya Folomu 4 (MSCE) yokha, asapatsidwe Sitandade 1 payekha. Iye athandize kumvetsera ana akuwerenga m'magulu, phunziro lenileni likhale m'manja mwa wophunzitsidwa ntchito.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 ndipo ndili ndi ana 130. Makolo amatinena kuti ndife aulesi ana akabwereza. Ena mwa ana anga kwawo amayankhula Chiyao, ena amajomba usipa ukagwa. Kodi munthu mmodzi angachite chiyani?
Mphunzitsi wa dera la Chipoka, Salima

YANKHO: Aphunzitsi, dandaulo lanu ndi loona, ndipo palibe munthu wachilungamo amene angayembekezere kuti ana 130 onse atuluke m'manja mwanu akuwerenga mosadodoma. Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa kalasi ya ana 130 imene mphunzitsi akudziwa mayina a ana 30 otsalira, ndi kalasi imene otsalirawo amadziwika tsiku lotsekera sukulu. Mukamamvetsera ana 5 okha patsiku, aliyense kwa mphindi imodzi kapena ziwiri pamene anzawo akulemba, m'masabata osakwana 6 mudzakhala mutamva mwana aliyense. Lembani m'kope mizere itatu, wa osadziwa malembo, wa odziwa malembo koma osaphatikiza, ndi wa owerenga mawu modukizadukiza. Gulu loyambalo likhale pafupi ndi bolodi, ndipo popeza ana a infanti amaweruka msanga, gwirizanani ndi aphunzitsi aakulu ndi makolo kuti gululi lizitsalira kwa theka la ola masiku ena, mukuwabwereza malembo a Sitandade 1 popanda kuchita manyazi kuti silabasi yapita patsogolo. Obwereza musawaike kumbuyo chifukwa cha msinkhu wawo, monga zimachitikira kawirikawiri, pakuti iwowo ndiwo akufunika kukhala pafupi nanu.

Mwana amene kwawo amayankhula Chiyao, monganso wa Chitonga kumpoto kwa Nkhotakota, akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, chiyankhulo ndi malembo. Akatchula mawu molondola mufunseni tanthauzo lake, ndipo mulole mnzake amumasulire m'chiyankhulo chawo, chifukwa kutchula mawu osawamva sikuwerenga. Za kujomba nthawi ya usipa, musalimbane nazo nokha. Perekani mayina kwa gulu la amayi ndi amfumu, ndipo muwakumbutse kuti lamulo la maphunziro la 2013 limakakamiza kuti mwana aliyense aphunzire pulayimale.

Ngati sukulu yanu ili m'gulu la zimene zalandira matabuleti a ndondomeko ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, muziwagwiritsa ntchito mokwanira chifukwa amalola mwana aliyense kuyenda pa liwiro lake, koma mupitirize kumumva mwanayo akuwerenga buku lenileni. Pempho lina limene ndikanakonda aphunzitsi ambiri akanamalipereka ndi lakuti aloledwe kukwera ndi ana awo kuchoka mu Sitandade 1 kupita mu Sitandade 2, popeza mphunzitsi amene akuwadziwa kale ana sataya teremu yoyamba akufufuza amene akuvutika. Ngati sizitheka, kope lanu la mizere itatu lija mukalipereke m'manja mwa mphunzitsi wa Sitandade 3.

FUNSO: Mwana wanga wa Sitandade 3 sawerenga bwino ndipo akhoza kubwereza. Ndimagwira ntchito m'minda ya nzimbe ndipo ndalama ndi zochepa. Kodi ndimulipirire maphunziro apadera a masana kapena ndimusamutsire kusukulu ya pulayiveti?
Bambo wa ku Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Bambo, musalipire ndalama musanaone ndi maso anu mmene munthuyo amaphunzitsira. Sukulu ya pulayiveti ikhoza kukhala ndi ana ochepa m'kalasi, chimene ndi chabwino, koma zina zimalemba anthu amene sanapite ku koleji ya uphunzitsi, ndipo zimanyadira ana oloweza ndakatulo za Chingerezi amene sangawerenge chikwangwani cha pamsika. Funsani ngati mphunzitsi wa kalasiyo ali ndi satifiketi ya uphunzitsi, ndipo pemphani kuti mwana mmodzi wa m'kalasimo akuwerengereni tsamba limene mwasankha inu. Kumbukiraninso kuti mwana wosamutsidwa kenaka n'kubwezedwa chifukwa fizi yasowa amasokonezeka kuposa amene anangokhala pamalo amodzi.

Maphunziro a masana amathandiza ngati gulu ndi laling'ono ndipo mphunzitsiyo wayamba ndi kumuyesa mwanayo kuti adziwe pamene wakakamira. Ngati ndi ana 40 okopera zapabolodi, mukungogula phunziro la m'mawa kachiwiri. Gwirizanani naye za mwezi umodzi, ndipo pakutha pa mweziwo mwanayo akuwerengereni mawu amene poyamba ankamukanika. Thandizo lapadera limene sukulu ya boma imakonzera ana otsalira siliyenera kulipiritsidwa, choncho yambani mwafunsa kumeneko. Pemphaninso kuti mwanayo azibwereka buku la Chichewa kubwera nalo kunyumba, mulikutire ndi pulasitiki kuti lisanyowe, ndipo madzulo aliwonse aziwerengera mokweza inu kapena mkulu wake kwa mphindi 15, chala chili pansi pa mawu amene akuwatchula.